Mayi ndi Mwana Wamkazi m'Mabuku a Matchaina a ku America

Ophunzira ambiri akafunsidwa za malo ndi nthawi ya nkhani amangotchula dzina la mudzi ndi chaka, n'kupitirira. Amaiwala kuti malo ndi nthawi ndizo zimabala mkangano umene atengambali amakhala akulimbana nawo. Kuti mumvetse bwino mfundoyi, mu mutu uno titenga chitsanzo chakutali: mabuku amene analembedwa ndi Matchaina obadwira m'dziko la America. Mabukuwa analembedwa m'Chingerezi, koma luso lowasanthula ndi lomwelo limene mudzagwiritse ntchito posanthula nkhani zazifupi, masewero ndi nthano za m'Chichewa.

Amene wawerenga angapo mwa mabukuwa sachedwa kuona chinthu chimodzi. Ambiri mwa otchuka analembedwa ndi akazi, ndipo pakati pa nkhani pamakhala mayi amene anabadwira ku China ndi mwana wake wamkazi amene anabadwira ku America. Awiriwa amakondana koma samvana. Mayi amaona mwana wosamva, wosalemekeza akulu. Mwana amaona mayi wovuta, wosayamika, wochititsa manyazi pagulu. Funso limene muyenera kudzifunsa ndi ili: n'chifukwa chiyani nkhani zotere zinatuluka mochuluka kuyambira m'zaka za m'ma 1970, pamene Matchaina anali atakhala kale ku America kwa zaka zoposa 120? Yankho lili m'mbiri ya malamulo a dzikolo.

Phiri la Golide lopanda akazi

Golide anapezeka ku California m'chaka cha 1848. Mbiri yake inafika kumwera kwa China, m'chigawo cha Guangdong, kumene anthu anali pa umphawi ndi nkhondo zapachiweniweni. Amuna anayamba kukwera sitima zapamadzi kupita kukayesa mwayi. M'chaka cha 1852 chokha Matchaina pafupifupi 20,000 anafika ku California, dziko limene iwo analitcha Gam Saan, kutanthauza Phiri la Golide. Golide atayamba kusowa, ambiri analembedwa ntchito ndi kampani ya Central Pacific yomanga njanji yodutsa m'mapiri a Sierra Nevada, imene inalumikizidwa ndi njanji ya kum'mawa mu 1869. Ena analowa m'minda, ena m'ntchito yophika ndi yochapa zovala.

Onani kuti amene ankapita anali amuna. Mwambo unkafuna kuti mkazi atsale akusamala apongozi ake, ndipo mwamuna ankayembekeza kubwerera ndi chuma. Amene munamva agogo anu akusimba za amuna opita ku migodi ya ku Joni, ena mpaka kutchona, mukudziwa mmene banja lotere limakhalira. Koma ku America kunali china choonjezera: boma lenilenilo linatseka khomo. Lamulo lotchedwa Page Act la 1875 linkanena kuti likuletsa akazi oyendayenda, koma pokwaniritsa lamuloli akuluakulu a pa doko ankakayikira pafupifupi mkazi aliyense wachitchaina. Mu 1882 kunabwera lamulo la Chinese Exclusion Act, loletsa anthu ogwira ntchito zamanja ochokera ku China kulowa m'dzikomo, ndiponso lokaniza Matchaina obadwira kunja kukhala nzika. Amene ankaloledwa anali ochepa, monga amalonda, aphunzitsi ndi ophunzira. Ku California kunalinso lamulo loletsa Mtchaina kukwatira mzungu, ndipo linathetsedwa mu 1948.

Zotsatira zake zikuoneka m'kalembera wa 1890. Mwa Matchaina oposa 107,000 amene anali ku America, akazi sankakwana 4,000. Mkazi mmodzi pa amuna pafupifupi 27 alionse. Madera a Matchaina m'mizinda ya San Francisco ndi New York anali midzi ya mbeta zachimuna zokalamba, amuna okwatira koma okhala ngati osakwatira. Louis Chu anafotokoza moyo umenewu m'buku lake la Eat a Bowl of Tea, la 1961. Pamudzi wopanda amayi simungayembekeze nkhani zambiri za amayi ndi ana awo.

Pali chinthu china chimene muyenera kuchigwira, chifukwa chidzabweranso m'mabuku onse amene tikambe. Mu 1906 chivomezi ndi moto zinawononga mzinda wa San Francisco pamodzi ndi zikalata za boma. Popeza khoti lalikulu linali litagamula kale mu 1898, pa mlandu wa Wong Kim Ark, kuti wobadwira ku America ndi nzika, amuna ambiri anapeza mpata wonena kuti anabadwira mumzindawo ndipo zikalata zawo zinapsa. Nzika inkatha kuitanitsa ana ake. Choncho munthu akapita kwawo ankabwera n'kulembetsa kuti wabereka mwana, kenaka malowo n'kuwagulitsa kwa mnyamata wa banja lina. Anyamatawa ankatchedwa ana a papepala. Kuyambira 1910 mpaka 1940 olowa m'dziko ankasungidwa pa chilumba cha Angel Island, pafupi ndi San Francisco, n'kumafunsidwa mafunso okola: nyumba ya kwanu ili ndi mawindo angati, chitsime cha pamudzi chili mbali iti. Ukasiyana mawu ndi amene ukuti ndi bambo ako, unkabwezedwa. Mabanja ambiri anakhala moyo wawo wonse ndi dzina losakhala lawo. Makolo ankabisa zakale ngakhale kwa ana awo, poopa kuti mwana angatulutse mawu kusukulu. Ana anakula akudziwa kuti m'nyumba muli zosanena, koma osadziwa kuti n'zotani.

Khomo linayamba kutseguka pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, China itakhala bwenzi la America polimbana ndi Japan. Lamulo la 1882 linathetsedwa mu 1943, ngakhale kuti ololedwa kulowa anali 105 okha pa chaka. Lamulo la 1945 linalola asilikali kubweretsa akazi awo, ndipo akazi achitchaina masauzande analowa m'zaka zochepa zotsatira. Ena anathawa pamene chipani cha Komyunisiti chinkatenga boma mu 1949. Mu 1965 lamulo latsopano linathetsa kusankha anthu olowa m'dziko potengera kumene achokera.

Tsopano werengerani nokha. Amayi ambiri anafika m'zaka za m'ma 1940. Ana awo anabadwa m'zaka za m'ma 1940 ndi 1950, analowa m'makoleji m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, nthawi imene anthu akuda ankamenyera ufulu wawo ndipo akazi a ku America ankafuna kuti mawu awo amveke. Anawa atafika msinkhu wolemba mabuku, nkhani imene inali pamtima pawo inali ya amayi awo.

Katundu amene amayi anasenza

Kuti muweruze mtengambali mwachilungamo muyenera kudziwa kumene wachokera. Amayiwa anakulira m'dziko lotsata chiphunzitso cha Confucius, chimene chimaika ulemu wa mwana kwa makolo pamwamba pa makhalidwe onse. Mkazi ankaphunzitsidwa kumvera katatu: bambo ake ali mtsikana, mwamuna wake akakwatiwa, mwana wake wamwamuna akakhala wamasiye. Apa ophunzira ochokera m'madera a chikamwini muchenjere. Kwa inu mwana wamkazi ndiye mbumba, ndiye amakulitsa mudzi. Ku China wakale zinali zosiyana. Mtsikana akakwatiwa ankapita kwa mwamuna osabwereranso, ana ake ankakhala a mtundu wina, ndipo amene ankapereka nsembe kwa mizimu ya makolo anali mwana wamwamuna. Kulera mtsikana kunkaonedwa ngati kulimira munda wa eni. Amuna olemera ankakwatira mitala. Mwambo womanga mapazi a atsikana kuti asakule unaletsedwa ndi boma mu 1912, koma agogo ambiri a olembawa anali ataupyola. Pamwamba pa zonsezi panabwera nkhondo ya China ndi Japan, ya 1937 mpaka 1945.

Mayi amene wapyola m'zotere akafika m'dziko limene mtsikana angathe kukhala dokotala, amafuna kuti mwana wake atenge mwayi wonse. Koma amafunanso kuti mwanayo akhale womvera monga mmene iye anamverera. Sukulu imene ikupatsa mwana mwayiwo ndi yomweyo imene ikumuphunzitsa kufunsa mafunso, kuyang'ana wamkulu m'maso ndi kudzisankhira yekha. Mayi akufuna zinthu ziwiri zimene m'dziko latsopanolo siziyendera limodzi. Umenewu ndiye muzu wa mkangano.

Olemba oyamba tingowadutsa mwachangu. Edith Maude Eaton, mwana wa bambo wa ku England ndi mayi wachitchaina, ankalemba ndi dzina loti Sui Sin Far, ndipo anatulutsa nkhani zazifupi m'buku la Mrs. Spring Fragrance mu 1912. Jade Snow Wong anatulutsa mbiri ya moyo wake, Fifth Chinese Daughter, mu 1950. M'bukuli wolimbana naye kwambiri ndi bambo, amene anakana kumulipirira koleji chifukwa ndalama zinali za mwana wamwamuna. Chochititsa chidwi n'chakuti Wong polemba za iye mwini sanagwiritse ntchito mawu oti "ine". Ankadzitchula dzina ngati akukamba za munthu wina, potsata mwambo wodzichepetsa.

Kingston ndi nkhani yoletsedwa

Maxine Hong Kingston anabadwa mu 1940 ku Stockton, ku California. Bambo ake anatsogola ku America, ndipo mayi ake anatsatira patapita zaka pafupifupi 15. Buku lake la The Woman Warrior linatuluka mu 1976 ndipo lili ndi mitu isanu.

Mutu woyamba ndiwo muyenera kuuganizira kwambiri. Mtsikana atatha msinkhu, mayi ake, amene m'bukumo akutchedwa Brave Orchid, akumupatsa chilangizo. Akumusimbira za mlongo wa bambo ake, amene mwamuna wake anapita ku America, iye n'kupezeka ndi pathupi patapita nthawi yaitali. Anthu a m'mudzi anabwera usiku, anapha ziweto ndi kuswa katundu wa banjalo. Mayiyo anachirira m'khola la nkhumba, ndipo m'mawa anapezeka m'chitsime pamodzi ndi khanda lake. Chilango chachikulu chinabwera iye atafa: abale anagwirizana zomachita ngati sanabadweko, dzina lake osalitchulanso. Brave Orchid akuchenjeza mwana wake kuti asauze munthu wina aliyense. Mwanayo wayamba buku lake ndi nkhani yomweyo.

Taonani zinthu ziwiri. Choyamba, tsoka la mayi wopanda dzinayu likuchokera ku mbiri imene tafotokoza ija, ya amuna ochoka ndi akazi osiyidwa. Chachiwiri, kusamvera kwa mwana kuli m'kulemba kwenikweniko. Mayi anapereka nkhani ngati chenjezo. Mwana waitembenuza kukhala chikumbutso cha munthu amene banja linamufafaniza. Popeza mayi sananene chifukwa chimene zakhaliwo anatengera pathupi, mwanayo akuyesa kuganizira yekha: kapena anagwiriridwa, kapena anakonda munthu. Sakupeza yankho, ndipo akuvomera kuti mzimu wa zakhali akewo mwina sukondwa naye.

Musafulumire kunena kuti Brave Orchid ndi mayi wotsalira. Mwamuna wake ali kunja, ana ake awiri oyamba atamwalira, iye anatenga ndalama zimene ankatumiziridwa n'kukaphunzira uzamba ndi zachipatala ku Canton. Anabwerera kumudzi ali dokotala wolemekezeka. Atafika ku America maphunzirowo sanawerengedwe. Anakhala wochapa zovala za anthu ndi wothyola tomato m'minda, ndipo anabereka ana ena 6. Mayi yemweyu amene amatchula miyambi yonyoza atsikana ndi amenenso amaimbira mwana wake za Fa Mu Lan, mtsikana wa m'nthano amene anapita ku nkhondo m'malo mwa bambo ake. Mwana akusokonezeka: kodi akundilera kuti ndikhale kapolo kapena msilikali? Pa mayeso, mtengambali wotere amafuna kuti muonetse mbali zonse ziwiri, ndi umboni wa mbali iliyonse.

Mizukwa ndi chiphiphiritso chachikulu m'bukuli. Makolo amatcha azungu onse mizukwa: mzukwa woyendetsa basi, mzukwa wobweretsa makalata, mzukwa wophunzitsa. Ana nawonso akuonedwa ngati theka mzukwa, chifukwa aphunzitsidwa ndi mizukwa, n'chifukwa chake sauzidwa zinsinsi. Koma kwa mwanayo China nayonso ndi mzukwa, dziko limene sanalionepo koma limamulondola. Mutu wa mng'ono wake wa Brave Orchid, Moon Orchid, ukuonetsa zimene zimachitika munthu akabweretsa malamulo a kumudzi m'dziko lina. Brave Orchid akumukakamiza kukalanda malo ake ngati mkazi wamkulu kwa mwamuna amene anamusiya zaka 30 zapitazo. Akumupeza ku Los Angeles ali dokotala, ali ndi mkazi wina. Moon Orchid akuzungulira mutu ndipo akumwalira m'chipatala cha amisala.

Mutu womaliza ndi wa lilime. Mayi akunena kuti anadula kamtsempha ka pansi pa lilime la mwana wake ali khanda, kuti adzathe kuyankhula chiyankhulo chilichonse. Mwanayo akukayika ngati cholinga sichinali chomutseka pakamwa, pakuti kusukulu ya Chingerezi anakhala nthawi yaitali osatulutsa mawu. Tsiku lina akuphulika n'kukhuthulira mayi ake madandaulo onse. Mayi akumuyankha kuti Matchaina amanena zosemphana ndi zimene akutanthauza: akamati mwana ndi wonyansa ndiye kuti akumuteteza. Bukuli likutha ndi mlakatuli wakale Ts'ai Yen, amene anagwidwa ndi adani n'kukhala pakati pawo zaka 12, ana ake osamva chiyankhulo chake. Kingston akuti nkhaniyo chiyambi chake ndi cha mayi ake, mathero ndi ake.

Amy Tan ndi tebulo la anthu anayi

Amy Tan anabadwa mu 1952 ku Oakland. Ali ndi zaka 15 bambo ake ndi mchimwene wake anamwalira motsatizana ndi zotupa za mu ubongo. Inali nthawi imeneyi pamene anadziwa kuti mayi ake, a Daisy, anali ndi banja lina ku China ndipo anasiya ana aakazi atatu pochoka mu 1949. Mu 1987 anapita nawo ku China kukaona abale akewo. Buku la The Joy Luck Club linatuluka mu 1989, ndipo filimu yake, imene anatsogolera Wayne Wang, inatuluka mu 1993.

Kamangidwe ka bukuli n'koyenera kukaphunzira. Muli nkhani 16 zogawidwa m'magawo anayi, monga mmene masewera a mahjong amakhalira ndi anthu anayi pa tebulo. Muli amayi anayi ndi ana awo aakazi anayi: Suyuan Woo ndi Jing-mei, An-mei Hsu ndi Rose, Lindo Jong ndi Waverly, Ying-ying St. Clair ndi Lena. Amayi akusimba gawo loyamba ndi lomaliza, ana akusimba magawo awiri apakati, ngati ana ofungatiridwa. Koma osimba nkhani ndi 7 okha, chifukwa Suyuan wamwalira buku lisanayambe, ndipo Jing-mei ndiye akukhala pa mpando wake. Anzake a mayi ake akumuuza kuti ana amapasa amene Suyuan anawasiya pamsewu pothawa asilikali a Japan kuchokera ku Kweilin apezeka ali moyo. Akumutuma kukawauza za mayi awo. Jing-mei akuti sakudziwa chimene angakanene, chifukwa mayi akewo sankawadziwa. Amayi atatu aja akuchita mantha, poona kuti ana awonso anganene chimodzimodzi.

Ubwino wa kamangidwe aka ndi wakuti wowerenga amadziwa zimene ana sakudziwa. Waverly akuona mayi ake ngati munthu wokonda kulamula. Inu mwamva kale kuti Lindo anatomeredwa ali ndi zaka ziwiri, anapita kwa apongozi ali ndi zaka 12 chigumula chitawononga kwawo, ndipo anadzimasula ku ukwatiwo ndi nzeru zake zokha, ponamizira kuti mizimu ya makolo yamulotetsa tsoka. Rose akulephera kuyankha mwamuna wake pamene ukwati ukutha. Inu mukudziwa kuti mayi ake a An-mei anakakamizidwa kukhala mkazi wachinayi wa munthu wolemera, ndipo anadzipha ndi opium kuti mwana wake apeze ulemu m'nyumbamo. N'chifukwa chake An-mei sangapirire kuona mwana wake akungokhala chete. Nkhani ya agogo a Rose imeneyi ikufanana ndi zimene zinachitikira agogo ake enieni a Tan.

Nkhani ziwiri ndizo zimaikidwa kawirikawiri m'mabuku a kusukulu ku America. Mu "Rules of the Game", Waverly ndi katswiri wa tchesi ali ndi zaka 9. Mayi ake amayenda naye mumsika akuuza aliyense kuti uyu ndi mwana wawo. Mwanayo akuwanena pamsewu kuti akudzitamandira ndi luso lake. Kwa Lindo kupambana kwa mwana ndi kwa banja lonse. Kwa Waverly ndi kwake yekha. Mu "Two Kinds", Suyuan akukolopa nyumba ya mphunzitsi wina wokalamba kuti Jing-mei aziphunzira piyano ulere. Mphunzitsiyo ndi wogontha, ndipo mtsikanayo akupezerapo mwayi wochita ulesi mpaka kukachita manyazi pa chionetsero. Atakakamizidwa kubwerera pa piyano, akuuza mayi ake kuti bwenzi atafa ngati ana aja anawasiya ku China. Mayi akutuluka osayankha kanthu. Kumapeto kwa buku ndi kumene Jing-mei akumva kwa bambo ake mmene zinakhalira: Suyuan anali akudwala kamwazi, manja atang'ambika ndi kunyamula, ndipo poganiza kuti afa anasiya anawo ndi zinthu zake zamtengo wapatali ndi kalata, kuti wina awatole. Anawafunafuna moyo wake wonse. Mawu amene mwana ananena ali wamng'ono amalemera kwambiri inu mukafika pamenepa.

Chiyankhulo

Ine ndimaona kuti mkangano wa m'mabukuwa umaoneka bwino kwambiri pa chiyankhulo. Mayi amaganiza m'Chitchaina n'kuyankhula Chingerezi chothyokathyoka. Mwana amamva Chitchaina pang'ono n'kuyankha m'Chingerezi. Mayi amene kwawo anali wochenjera pakamwa akumveka ngati mbuli pamaso pa mwana wake. Tan anachita dala kuti amayi akamasimba za ku China mawu awo aziyenda bwino, koma akamayankhula ndi ana awo azipunthwa. M'nkhani yake ya "Mother Tongue" ya 1990 akufotokoza kuti ali mtsikana ankaimba telefoni m'malo mwa mayi ake, akudziyesa iwowo, chifukwa anthu a m'maofesi sankawalabadira. Mwana akakhala womasulira wa kholo lake, udindo m'nyumba watembenuka.

Vuto silili pa mawu okha. Waverly akubweretsa chibwenzi chake, mzungu wotchedwa Rich, kudzadya kwa makolo. Lindo, potsata mwambo, akunyoza ndiwo imene waphika bwino koposa, akuti mchere wachepa. Mlendo wodziwa mwambo amayenera kutsutsa ndi kuyamikira. Rich akuvomereza, n'kuthira msuzi wamchere wa soya m'mbale yonse. Palibe amene anafuna kulakwira mnzake, koma chakudya chaonongeka.

Otsutsa

Si Matchaina onse a ku America amene anakondwera ndi mabukuwa. Mlembi wa masewero Frank Chin, m'nkhani yake ya 1991, ananena kuti Kingston ndi Tan anapotoza nthano za Chitchaina kuti akondweretse azungu, ndiponso kuti anaonetsa amuna achitchaina ngati ankhanza okhaokha. Pa nthano ali ndi umboni: Kingston anapatsa Fa Mu Lan mawu olembedwa pamsana, chinthu chimene m'nthano za ku China ndi cha mkulu wa asilikali Yue Fei. Kingston anayankha kuti buku lake ndi la ku America, ndipo nthano zimasintha zikawoloka nyanja ndi eni ake. Pamenepa ine ndili kumbali ya Kingston, chifukwa bukulo silinena kuti likusimba nthano monga ilili. Likuonetsa mmene inamvekera m'mutu mwa mwana amene anaimva akusinza. Za amuna, Kingston anatulutsa China Men mu 1980, lofotokoza za bambo ndi agogo ake. Koma dandaulo lina, limene katswiri wa zolembalemba Sau-ling Wong anapereka mu 1995 pa mabuku a Tan, ndi lovuta kulikankha: owerenga ambiri achizungu anakonda mabukuwa chifukwa amaonetsa China ngati dziko la nkhanza ndi zodabwitsa, America ngati malo opulumukira. Mukamawerenga dzifunseni ngati mavuto a amayiwa anathera pa doko.

Buku limene limayankha funsoli mosabisa ndi Bone, la Fae Myenne Ng, la 1993. Mulibe nthano za ankhondo kapena nyumba za anthu olemera ku Shanghai. Mayi, amene ana amangomutcha Mah, wakhala zaka zambiri akusoka zovala m'fakitale ya malipiro ochepa ku San Francisco. Mwamuna wake Leon ndi mwana wa papepala, wogwira ntchito m'sitima zapamadzi, amene mabizinesi ake onse anagwa. Mwa ana atatu aakazi, wapakati, Ona, wadzipha podziponya kuchokera pamwamba pa nyumba yosanja. Wamng'ono wathawira ku New York. Wamkulu, Leila, ndiye watsala pakati pa makolo, akuwamasulira, akusankha mawu oti awafewetse ndi oti asawanene n'komwe. Nkhaniyi ikusimbidwa chobwerera m'mbuyo, mutu uliwonse ukupita ku nthawi yakale kuposa wapitawo, monga mmene anamfedwa amafufuzira pamene zinthu zinayambira kulakwika. Leon akukhulupirira kuti tsoka la banja labwera chifukwa sanakwaniritse lonjezo lotumiza ku China mafupa a mkulu amene anamugulitsa dzina. Pamene Leila akufuna kumulembetsa kuti azilandira ndalama za okalamba, akupeza kuti mayina ndi masiku obadwa a m'zikalata zake sakugwirizana. Akutsegula sutikesi imene Leon anasungamo pepala lililonse limene analandira chifikireni ku America, ndipo ambiri mwa makalatawo ndi omukana: usilikali, ntchito, nyumba.